Manambala Anali pa Ndowa, Osati pa Achule

Ine sindisiya khomo losakhoma, ngakhale ndikungopita kukataya zinyalala kuseri. Ndakhala m'Kabwata zaka zambiri ndipo ndaona zokwanira: malaya kusowa pachingwe mwini wake ali m'nyumba, munthu kubwera kudzapempha madzi akumwa maso ali pa wailesi. Anthu amati ndine wovuta. Anene. Koma zimene ndikulemba pano sizinachitidwe ndi wakuba kapena mlendo. Zinachitika m'nyumba mwanga momwe, dzuwa lili pamutu, ndipo wozichitayo anandilandira pakhomo akumwetulira.

M'nyumbamo tinalimo anthu anayi: ine, mwana wanga wamwamuna, mkazi wake, ndi mdzukulu wanga wamkazi, mwana wa malemu mwana wanga woyamba. Mtsikanayu ndinamulera ndekha kuyambira asanadziwe kudzipukuta mamina. Nthawi imeneyo anali m'chaka chomaliza ku yunivesite, akuphunzira za zamoyo. Kuti amalize pamodzi ndi anzake ankayenera kupereka lipoti la kafukufuku wake sukulu ikangotsegulira, ndipo aphunzitsi ake anali atamuuza kuti lipotilo likatuluka bwino akhoza kumuganizira malo opitiriza maphunziro. Kafukufukuyo anali wa achule.

Sukulu itatseka, chipinda chimene ankasungiramo achulewo chinali choti chikhomedwa, choncho aliyense anauzidwa kutenga ake. Ndinangoona galimoto yaima pageti, mtsikana akutsitsa ndowa zisanu ndi zitatu, iliyonse ndi chivundikiro chobooledwa timabowo.

Sanali achule amene timawadziwa aja, olumphalumpha pabwalo mvula ikagwa. Awa ndi a m'madzi mokhamokha, aphwatalala, oterera ngati sopo, maso pamwamba pa mutu, ndi tizikhadabo takuda kumapazi akumbuyo. Ndipo m'mbali mwawo, kuchokera kumutu mpaka kumbuyo, muli timizere toyera tondondozana, ndendende ngati munthu wawasoka ndi singano.

"Wawasoka ndani?" ndinamufunsa ndisanalole kuti ndowa ngakhale imodzi ilowe pageti.

"Ambuya, palibe wawasoka," anatero akuseka. "Amakula nato timeneti. Ndi makutu awo a m'madzi."

Ndinamuuza kuti andifotokozere bwinobwino, chifukwa sindisunga chinthu chimene sindikuchidziwa. Anakhala pansi n'kundifotokozera. Anati kachilombo kakagwera m'madzi, timafunde take timafika pa timizereto, chule n'kutembenukira komweko ngakhale asakukaona. Pansi pa timizereto pamadutsa mtsempha, osati wa magazi, koma uja wonyamula uthenga kupita ku ubongo. Iye anawagoneka achulewo ndi mankhwala n'kudula mtsemphawo kumanzere kokha, kumanja n'kusiya. Anati mtsemphawo sungonyamula uthenga chabe ayi, umathandizanso kuti timizereto tikhalebe tathanzi. Ukaduka, timayamba kufota pang'onopang'ono, ndipo ukameranso, timatha kutsitsimuka. Mwa achule zimenezi zimachedwa, n'chifukwa chake ankayenera kuyang'ana milungu yambiri, kuyeza ndi kujambula.

Ndinakumbukira mkono wa malemu amuna anga, mmene unaondera atadwala matenda oumitsa ziwalo, pamene winawo unali wonenepa bwinobwino. Ndinati chabwino, alowe.

Chimene muyenera kumvetsa ndi ichi. Achule awiri, wa nambala 1 ndi wa nambala 2, sanadulidwe konse, anali ofananitsira. Enawo anadulidwa pa milungu yosiyanasiyana, wa nambala 3 kalekale, wa nambala 8 chaposachedwa. Nambala ndi tsiku lodulidwa zinalembedwa pa ndowa ndi cholembera chakuda. Pa chule panalibe kanthu. Ndinamufunsa chifukwa chake, iye n'kuti khungu lawo siligwira inki, ndipo kuwamanga kachingwe kumawapweteka. Sindinakonde, koma si ine wophunzira.

Masana mtsikanayu ankapita kukaphunzira ntchito pa ofesi ina ku Longacres, ndiye owadyetsa ndinali ine. Chiwindi cha ng'ombe, chodulidwa tizidutswa ngati njere za nyemba, kawiri pa mlungu. Madzi osinthira ankayenera kugona masiku awiri m'chigubu kuti mankhwala a m'mpopi atuluke. Ndinazigwira zonsezi ngati mankhwala a wodwala. Poyamba ndowazo tinaziika pakhonde lakuseri, pamthunzi.

Ndiye kunabwera aneba. Mayi ameneyu ndi Mbemba, kwawo n'ku Luapula, wopemphera mofuula, woti akayamba m'mawa mpaka agalu amalowa pansi pa galimoto. Mpanda wathu ndi waufupi, ndipo khosi lake ndi lalitali.

"Shani ba mbuya! Imwe ba kum'mawa, mbewa zasila kuti muyambe kuweta achule?"

"Nanga inu anyani mwawatha kale kuti muzisuzumira m'ndowa za eni?" ndinamuyankha.

Ife akum'mawa ndi Abemba timanyozana choncho, ndi chimbuya, palibe amakwiya. Anaseka, n'kulowa ndisanamuitane, n'kuvundukula ndowa imodzi. Kuseka kunathera pomwepo.

"Yesu wanga! Ba mbuya, aba achule ni osoka! Nindani anabasoka?"

"Palibe. Amakula nazo. Vundikirani."

"Awe, ine naona na menso yanga. Chule osoka ni wa munthu ameneyo, bamumanga. Na manambala pa mabaketi! Muzukulu wanu bamunamiza ku sukulu uko. Lekani nibwelese mchele, tipemphelele, vonse viphulike."

Ndinamuuza kuti mchere wake akathire m'ndiwo zake, ndipo ndinamuperekeza mpaka pageti. Koma ndimawadziwa anthu otere. Amabwera iwe utalowa kuchimbudzi, amathira, kenako n'kumati anakuchitira chifundo. Tsiku lomwelo ndinanyamula ndowa zonse, imodziimodzi, msana ukundiwawa, n'kuzilowetsa m'nyumba. Ndinazindandalika m'kanjira ka pakati pa khitchini ndi kubafa. Ndinadziona wochenjera kwambiri.

Mpongozi wanga, mkazi wa mwana wangayo, sanakondwe nazo. Ndi mkazi waukhondo, wachangu, woti akaona chinthu chili chilili manja amamuyabwa. Ankati kanjirako kachepa, ankati pakununkha dambo. Sipankanunkha chilichonse, madzi ndinkasintha ine. Koma vuto lalikulu nyengo imeneyo linali madzi. Kunkatentha, ndipo mpopi unkatha masiku osatulutsa ngakhale dontho. Ukati ubwere, unkabwera m'mawa kwa ola limodzi kapena awiri basi. Amene sanakhalepo kuno sangamvetse. Mpopi ukangotsokomola, Kabwata yense amadzuka: mapoto, zigubu, mabotolo, ketulo, chilichonse chosadontha chimathamangitsidwa kumpopi. Munthu saganiza nthawi imeneyo, amangodzaza.

Tsiku limenelo chiwindi chinali chitatha. Pabutchala yapafupi sindigula, amasakaniza cha dzulo ndi cha lero n'kumati chonse n'chatsopano. Ndinaganiza zopita ku msika wa Soweto, kumene ndimasankha ndekha n'kununkhiza. Mpopi unali utauma masiku atatu. Ndisanatuluke ndinaima pakhomo la khitchini n'kuuza mpongozi.

"Ndowa za m'kanjiramo musakhudze."

"Ee, amayi."

"Ndanena kuti musakhudze. Aneba akabwera, ndatuluka ndipo makiyi ndatenga."

"Namvela, amayi."

Ndinabwerako cha m'ma leveni. Nditangotsika basi ndinaona akazi akuthamanga ndi zigubu, msewu wanyowa m'mbali. Madzi abwera. Ndinakondwera kaye, ngati munthu aliyense. Kenako ndinakumbukira ndowa zija, ndipo ndinayenda mofulumira kuposa mmene mawondo anga amalolera.

Mpongozi anandilandira pakhomo, chitenje chanyowa, nkhope ikuwala.

"Amayi, manzi yanabwela! Nadzaza vonse, mpaka ketulo."

M'khitchini munali ndowa zisanu ndi zitatu, zotsukidwa mbee, zodzaza madzi oyera, zitafoletsedwa bwinobwino kutsata manambala ake, 1 mpaka 8. Kutsata manambala! M'kanjira munalibe kanthu, mutakolopedwa.

"Achule ali kuti?"

"Osada nkhawa, bali bwino. Nabaika pamodzi mu beseni ikulu kubafa, na manzi yao yamene ija. Sininaphe olo umodzi. Bakondwela maningi, benze kuvutika okha-okha."

Ndinapita kubafa. M'beseni lathu lalikulu lochapira, achule asanu ndi atatu ankasambira, kudutsana, kukwerana pamsana. Onse amoyo. Onse ofanana.

Sindikumbukira zonse zimene ndinanena. Ndikudziwa kuti chiwindi chinagwa pansi ndipo sindinachitole.

"Ndinati chiyani potuluka?"

"Munati nisataye, amayi. Sininataye."

"Ndinati musakhudze!"

"Manje amayi, tisambe chani? Tiphikile chani? Masiku yatatu kulibe manzi, mabaketi eyiti yangokhala na achule, umodzi-umodzi monga bali mu hotela."

Ndikulemba mawu akewo monga anawanenera, chifukwa sindine wabodza. Madzi analidi vuto. Koma foni anali nayo m'manja, ndipo ine ndinali nayo m'chikwama. Akanandiimbira ndikanamuuza kuti adzaze bafa, adzaze mapoto a maliro ali pamwamba pa kabati, abwereke mgolo kwa aneba ngakhale sindiwafuna. Munthu wamkulu, wopita kusukulu, waona manambala ndi masiku olembedwa pa ndowa, wafika pozifoletsa kutsata manambalawo, osadzifunsa kuti analemberanji!

Mwana wanga anabwera kudzadya masana n'kupeza m'nyumba muli moto. Anamvetsera mbali zonse akutafuna, kenako n'kunena chimene chinandipweteka kuposa zonse.

"Amayi, achule ni achule. Ingobwezani umodzi-umodzi mu mabaketi, azaziba bwanji?"

Ndinamuyang'ana mwana amene ndinamubereka ndekha. Ndiye kuti mwana wa mchemwali wake apitirize kuyeza, kujambula, kulemba, milungu yonse yotsalayo, akulemba zabodza osadziwa, ife tikumuonerera n'kumamupatsa moni m'mawa? Ndinamuuza kuti akayerekeza kugwira chule ngakhale mmodzi, akagone ku ofesi kwake.

Mdzukulu wanga anafika cha m'ma folo. Ndinamudikirira pageti kuti amve kwa ine. Sanalire. Analowa kubafa, n'kukhala pamphepete pa bafa, chikwama chili paphewa, n'kumangoyang'ana m'beseni. Mpongozi anaima pakhomo n'kuti, "Koma bonse bali moyo, ka." Mtsikana sanatembenuke.

"Zithunzi zija uli nazo m'foni?" ndinamufunsa.

"Ndinkajambula timizere tokha, Ambuya, chapafupi. Msana sindinajambule. Ndinkadalira ndowa."

Apo ndinavula juzi. Ndinauza mpongozi kuti madzi akewo awapezere kokhala, ndowa ndikuzifuna zonse. Tinazitsukuluza kangapo kuti sopo achoke, n'kuthiramo madzi ogona a m'chigubu chathu. Ndinauza mtsikana kuti atenge buku lake limene ankalembamo kulemera ndi kutalika kwa chule aliyense, ndi kasikelo kake. Ine ndinali nditawadyetsa achulewa milungu yambiri, mmodzimmodzi, ndipo ine chinthu ndikachiyang'ana ndimachiyang'anadi.

Wonenepa, wosusuka, amene ankalumphira chala changa ndisanaponye chiwindi, anali wa 8. Anayeza, zinagwirizana. Wosowa kachikhadabo kamodzi kuphazi lamanja anali wa 5. Wa banga lakuda pakati pa msana, ngati chidindo cha chala, wa 6. Wotuwa kuposa onse, wamng'ono, wa 4. Osadulidwa aja anali aatali kuposa anzawo ndipo bukulo linavomereza, komanso tikadontheza madzi kumanzere kapena kumanja ankatembenuka msangamsanga mofanana. Mtsikana anayamba kupuma bwino. Anati, "Ambuya, mukanakhala a polisi." Ndinati apolisi akanandichedwetsa.

Anatsala awiri, wa 3 ndi wa 7. Msinkhu umodzi, mtundu umodzi, pasikelo kusiyana kosaoneka. Ndipo wa 3 ndiye anali chuma chake chonse. Anadulidwa mlungu woyamba, mnzake wa tsiku limenelo anafera kusukulu, ndiye anatsala yekha. Ngati panali chule woti aonetse mtsempha utameranso ndi timizere titatsitsimuka, anali ameneyo.

"Uyu ndi wa 3," ndinatero, ndikuloza.

"Mwadziwa bwanji?"

"Ndikumudziwa. Mlungu watha wayambanso kutembenukira kumanzere ndikadontheza madzi. Poyamba ankasochera. Mnzakeyu akusocherabe. Tayang'ana timizere take, udzionere wekha."

Anatenga galasi lake lokulitsa zinthu, n'kuyang'ana onse awiri, nthawi yaitali. Ndinaona pankhope pake kuti waona zimene ine ndinaona. Kenako analiika pansi.

"Sindingalembe, Ambuya."

"Chifukwa?"

"Chimene ndikufuna kudziwa n'choti kodi wodulidwa kale ndiye amatsitsimuka. Ndikasankha wotsitsimuka n'kumutcha wodulidwa kale, ndiye kuti yankho ndadzipatsa ndekha. Pakanakhala banga, kapena chikhadabo, chinthu chosakhudza mtsempha, ndikanalemba."

"Ndiye ukuti ndikunama?"

"Ayi, Ambuya. Mwina mukunena zoona. Ndikuganiza kuti mukunena zoona. Koma sindingalembe."

Ndinakwiya naye, sindibisa. Ndinakwiya kwambiri. Ine wonyamula ndowa msana ukuwawa, ine wokwera basi kupita ku Soweto kukasankhira achule chiwindi, lero mawu anga sakukwana kulowa m'buku? Ndinamuuza kuti aphunzitsi akewo sanadyetsepo chule ameneyu ngakhale tsiku limodzi. Ndinamuuza kuti palibe amene akanadziwa. Nditangonena choncho ndinamva kuti ndalankhula ngati mwana wanga masana aja. Mkwiyo sunathe ayi, unangobwerera kwa mwini wake, amene nthawi imeneyo anali m'khitchini akuimba nyimbo ya kutchalitchi, akuthira madzi m'mapoto a maliro amene anali pomwepo tsiku lonse.

Achule awiriwo tinawaika m'ndowa zawo, koma mtsikana anamata pepala pa manambala n'kulembapo chizindikiro cha funso. Ndinapitiriza kuwadyetsa monga anzawo. Ndowa zonse ndinazisamutsira kuchipinda kwanga, pakati pa bedi ndi kabati, ndipo ndinkakhoma ngakhale popita kukasamba. Mwana wanga anati ndapenga. Mpongozi anauza anzake kutchalitchi kuti apongozi ake amagona ndi achule, ndipo zinafika mpaka kwa aneba, amene anasiya kundipatsa moni mwezi wathunthu. Zimenezo sizinandidetse nkhawa, ndinapumako.

Mpongozi kupepesa sanapepese. Anandiphikira tiyi wa mkaka mawa lake n'kuika patebulo osanena kanthu, ndipo mwana wanga anati kumeneko ndiye kupepesa. Kwa ine? Kodi lipoti linali langa? Kwa mtsikana sananene chilichonse, koma tsiku lina ndinamumva akumuuza kuti, "Next time uzilemba pa chule." Ndinatuluka panja kuti ndisayankhe.

Sukulu itatsegulira, mtsikana anabweza achule onse asanu ndi atatu ali amoyo, ndipo anawafotokozera aphunzitsi ake zonse. Anamuuza kuti alembe za asanu ndi mmodzi otsimikizikawo, ndipo anene poyera zimene zinachitikira awiriwo. Anapereka lipoti pa nthawi yake ndipo anamaliza pamodzi ndi anzake. Anaonetsa kuti kumbali yodulidwa timizere tinafota poyerekeza ndi kumbali inayo. Koma za kutsitsimuka mtsempha ukameranso, zimene ankazifunitsitsa, analibe chule woti aonetsere. Malo opitiriza maphunziro aja anapatsidwa wina. Sindinganene kuti chifukwa chake chinali chimenechi chokha, sanatiuze. Koma palibe amene angandiletse kuganiza choncho.

Lipotilo atalimanga bwino anabwera nalo kunyumba n'kundionetsa. Pa tsamba lina panali mizere isanu ndi itatu ya manambala, iwiri ili yopanda kanthu kuyambira pakati mpaka kumapeto. M'munsi mwake munali chiganizo chimodzi cha Chingerezi. Ndinamuuza kuti andimasulire. Anati palembedwa kuti achule awiri anasakanikirana pamene ankasungidwa kunyumba, choncho sanawerengedwe.

"Anasakanikirana okha? Anatuluka m'ndowa n'kuyenda kupita kubafa?"

"Amalemba choncho, Ambuya."

"Lemba amene anawasakaniza."

"Sizilembedwa zimenezo. Komanso amene sanajambule misana ndine."

Ndinamuuza kuti ngati ndi choncho alembenso kuti amene analowetsa ndowa m'kanjira ndine, aliyense anyamule wake, koma wothira m'beseni asasowe pa pepalapo. Anaseka, n'kutseka lipoti lake, n'kukaliika m'chikwama. Anakana. Ndiye ndagula kope langa, ndakhala pansi, ndalemba ndekha mmene zinayendera.